Tsiku Limene Ndinafufuta Mau a Apongozi Anga

Inu ana, izi ndalemba ndekha, ndiye musaseke kalembedwe. Iwe Tamala, mailo unandiseka pamene ndinali kuwelenga uthenga wa pafoni ndi chala, liu limodzilimodzi, ndisanadine. Unati, "Agogo, dinani chabe, foni siluma." Ndinakukalipila mpaka unalila, ndipo agogo anu akazi andiuza kuti ndikupepese. Kupepesa sindikudziwa bwino. Ndingokuuzani kumene kunachokela ukali uja.

Sukulu ndinalekela mu Giledi 6, kwathu kwa Kalindawalo. Mphunzitsi wina anatenga kalata yanga ya Chingelezi nkuiwelenga mokweza pamaso pa kalasi yonse, anzanga akugwa ndi phwete. Ndinagubuduza desiki, nkutuluka, osabwelelanso. Kuyambila pamenepo munthu akangotchula za Chingelezi changa, m'makutu mwanga munkalila ngati mwalowa njuchi. Inu mumandiona wofatsa lelo chifukwa mawondo anatha. Funsani a kumsika wa Petauke za Lameki wa mawailesi, adzakuuzani kuti nyundo ndinkaiponya kaye, kufunsa pambuyo.

Koma manja ndinali nao. Ndinayamba ndi mawailesi a kaseti, aja oti tepi ikakodwa umaikulunga ndi bolopeni. Inu simunaione kaseti, mungaiyese sopo. Chootchela waya ndinalibe, ndinkatenthetsa msomali pa mbaula ya amai ogulitsa vitumbuwa pafupi ndi kashopu kanga. Kenako kunabwela mafoni, kenako makompyuta akale otayidwa m'maofesi, ofiilila ndi fumbi, sikilini yake chimutu ngati mtsuko. Kuinyamula panjinga kunkafuna malegeni atatu.

Makompyuta amenewo ankadwala kwambili. Pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse m'kati, ija ya Windozi, inkalemela pa makina okalamba, ndipo mavailasi ankalowa kudzela m'mafulashi ngati nsikidzi m'mphasa ya alendo. Ndiye bambo wina wa ku Chipata, a Sakala, amene ndinkagulako zipangizo, anandipatsa sidi ya pulogalamu ina yotchedwa Linukisi. Anati, "Iyi ni yopepuka, kompyuta ya nkhalamba imathamanga nayo ngati mnyamata." Anandiphunzitsa kuti sidi imeneyo ili ndi njila ziwili. Ungaiyendetse kuchokela pa sidi pomwepo, osakhudza za m'kati, nkutulutsa zinthu za mwiniwake bwinobwino. Kapena ungaiike m'kati kuti ikhale mwini nyumba. Anandigwila paphewa nkunena kuti, "Lameki, choyamba kutulutsa katundu, chachiwili kuika. Osasintha." Mau a pa sikilini sindinkawawelenga. Ndinaloweza malo odina, ngati mmene mbuzi imadziwila njila ya kukhola. Makompyuta ambili ndinawadzutsa motelo, ndipo ndinayamba kudzimva.

Tsopano ndikuuzeni za makolo a agogo anu akazi, a Luwiza. Bambo ao, a Zuze, ndi amai ao anathawa nkhondo ku Mozambiki. Anakumana panjila pothawapo, aliyense wochokela dela lake, nkukwatilana kumsasa wa othawa nkhondo. Anzao atabwelela kwao, iwo anatsala, nkupatsidwa munda kwa Nyalugwe. A Zuze anali munthu wosalankhula. Mukawafunsa za kwao, ankadzuka nkupita kukaona mbuzi. Ngakhale akazi ao sankadziwa mudzi wao, kapena dzina la m'bale wao ngakhale mmodzi. Ena ankati anathawa usilikali, ena ankati anaona zinthu zosayenela kuona. Ine sindinafunse. Mkamwini safunsa zotelo. Masiku ano ndimaona atate anu akudya mbale imodzi ndi apongozi ao, nkumaseka nao za mpila. Ife tikaona apongozi akubwela m'njila, tinkapatukila m'tchile ngakhale muli chitedze. Zaka zonse zija amai ao a Luwiza sindinawayang'anepo kumaso, ndipo mau athu ankadutsa mwa mkazi wanga.

A Zuze atadwala, anawatengela ku boma la Nyimba, kwa mwana wao wamwamuna, alamu anga a Jowakimu, amene anali mphunzitsi. A Jowakimu anali ndi kompyuta yakale yokhala ndi kamaikolofoni. Tsiku lina mkuluyo anati, "Chinthu ichi akuti chimasunga mau? Ndiyatsile, utuluke, utseke chitseko. Mudzamvele ine nditapita." Analankhula okha m'chipindamo kupitilila ola. Palibe anamva. A Jowakimu anasunga mauwo, osawatsegula, monga anauzidwa.

A Zuze anamwalila chimanga chitakololedwa. Malilo atatha, akuluakulu anafunsa funso limene aliyense ankaliopa: ndani adzasudzule namfedwa? Mwambo mumaudziwa pang'ono. Mwamuna akamwalila, abale ake ndiwo amabwela kudzapaka mkazi ufa pachipumi nkunena kuti wamasuka. Asanatelo, mkaziyo sathila mchele m'ndiwo za anthu, sapatsa moni wa dzanja, sanyamula khanda. Abusa anati pemphelo likwanila, koma apongozi anga anakana. Anati, "Sindingaike ana a anthu pachiswe." Nthawi imeneyo azakhali anu a Esnati anali khanda la miyezi iwili, ndipo agogo ao ankangowayang'ana patali, manja ali kumbuyo. Chiyembekezo chonse chinali m'kompyuta ija, kuti mwina mkuluyo anatchula kwao.

Poiyatsa, kompyuta inakana. Sikilini inkangoonetsa buluu nkuzima. A Jowakimu anaikulunga m'bulangeti, nkukwela nayo basi mpaka ku Petauke, ataifukata pamiyendo njila yonse.

Anafika m'mawa, ine ndikudya nshawa, mtedza wokazinga uja. Ndiyenela kunena zoona, a Jowakimu sanali munthu woipa. Kungoti anali mphunzitsi, ndipo pakamwa pao pankayabwa. Ndinaika sidi ya Linukisi, makina nkuyamba kulila, sikilini nkuwala. Iwo anaima kumbuyo kwanga, akupumila pakhosi panga.

"Alamu, mwaona zamene yalemba apo?"

"Naona."

"Nikuwelengeleni? Chizungu cha pamenepa si cha Giledi 6 iyai."

Panali anthu atatu m'shopu odikila mafoni ao. Mmodzi anaseka.

"Alamu, khalani pansi," ndinatelo. "Ine nachita izi kambili."

"Sinikana. Koma kudina ni kwina, kuwelenga ni kwina. Nkhuku nayo imajompha pa nyuzipepala."

Onse atatu anaseka, ndi amai a vitumbuwa omwe panja. Njuchi zija zinalowa m'makutu. Ndinafuna kuwaonetsa kuti ndingamalize iwo asanamalize kuwelenga mzele umodzi. Ndinadina, nkudina, nkudinanso, mofulumila, m'malo amene dzanja linazolowela. Koma dzanja linazolowela njila yachiwili, ya kuika, chifukwa ndiyo ndinkachita masiku onse pa makompyuta opanda kanthu. Panatuluka kabokosi kofunsa funso lalitali. Ndinadina osayang'ana. Kamzele kanayamba kuyenda pa sikilini, makina akukukuta m'kati.

A Jowakimu anasiya kuseka. Anati, "Lameki." Sanati alamu. "Kabokosi kaja kanali kukamba kuti zonse zili mu disiki zizafufutika. Wavomela."

Inu ana, ndinamenyanapo ndi anthu atatu nthawi imodzi pa siteshoni, ndinagwidwapo ndi waya wa malaiti mpaka kuponyedwa kukhoma, koma mantha a tsiku limenelo sindinawaonepo. Ndinagwa chogwada nkuzula waya kukhoma. Sikilini inazima. Anthu atatu aja anatuluka mmodzimmodzi, mafoni ao osatenga.

A Jowakimu anakhala pa benchi, atagwila mutu. Ndinkafuna andimenye. Ndikanakonda andiswe mano. Iwo anangoti, "Amai ukawauza wekha. Ine siningakwanitse."

Ndinathamangila kwa amai ena a foni yolipila pakhomo la msika, chifukwa yanga inalibe mayunitsi, nkuimbila a Sakala. Manambala ndinalakwitsa kawili.

"Wachita chani?" anatelo a Sakala. "Iwe chitsilu! Sininakuuze? Yayenda nthawi itali bwanji?"

"Pang'ono chabe. Nazula waya."

"Usaiyatsenso. Wamva? Ngakhale kuipumila, usaipumile. Kufufuta kuli monga kuzula zikhomo za malile m'munda. Mbeu zikalimo, kungoti sudziwa kuti mzele uyu ni wa ndani. Koma pamene khasu lapita kale, papita. Nibwela mailo."

Kunyumba ndinakafika dzuwa likali pamutu. Agogo anu anali kusenda nyemba pakhonde, Esnati ali kumbuyo. Ndinaganiza zonama, kuti vailasi ndiyo inadya zonse. Bodzalo linali lokonzeka pakamwa, ndipo palibe akanalitsutsa kupatula alamu anga. Koma atandiyang'ana, ndinanena zoona. Inu mumawadziwa agogo anu, mau ao amafika kutsidya kwa mseu mukaiwala kutsuka mbale. Tsiku limenelo sanakweze mau. Anati, "Ndiye kuti atate amwalila kawili." Anatenga lichelo nkulowa m'nyumba. Masiku anai otsatila ankandiikila chakudya patebulo osanena kanthu, ndipo ine chakudyacho sichinkapita.

A Sakala anafika ndi basi ya m'mawa, atanyamula disiki ina yopanda kanthu. Anayatsa kompyuta ija kuchokela pa sidi, njila yoyamba ija imene ine ndinailumpha, nkutsegula kapulogalamu kofufuza zotayika. Sikilini inali yakuda, manambala okhaokha akuthamanga. Anati, "Izatenga masiku. Malaiti akapita, uyambilenso." Anabwelela ku Chipata madzulo omwewo, atanditukwananso kachiwili pokwela basi.

Inu mumadandaula foni ikachedwa kutsegula kanema kwa mphindi imodzi. Ine ndinakhala pa mpando masiku awili ndikuyang'ana manambala. Shopu ndinatseka. Malaiti anapita kamodzi, masana a tsiku loyamba, ndipo ndinayambilanso. Nthawi zonse ndinkaona amai aja m'maganizo, ali pakhonde kwa Nyalugwe, manja kumbuyo, mpaka kukalamba, mpaka kufa, osagwilanso mdzukulu, chifukwa cha ine ndi nkhuku ya pa nyuzipepala. Ndinkaopanso a Zuze eniake. Munthu wakhala chete moyo wonse, watsegula pakamwa kamodzi kokha, ine nkumutseka. Mphepo ikagwedeza malata a shopu ndinkadzidzimuka.

Itamaliza, zinthu zinabwela, koma zopanda maina. Failo iliyonse inali ndi nambala chabe, ndipo zinali zambilimbili, zosakanikilana ngati katundu wa basi yogubuduzika. Panalibe njila ina koma kutsegula imodziimodzi. A Jowakimu anapempha tchuthi kusukulu nkubwela. Tinakhala pa benchi imodzi, osayang'anana. Tinasankha za mau zokhazokha. Kutsegula, nyimbo yovina ya lumba. Kutsegula, kwaya ya kutchalitchi. Kutsegula, lumbanso. Alamu anga ankadziwika kuti ndi munthu wa Mulungu, koma nyimbo za m'mabala zinali m'menemo sindinazimvepo ngakhale pa siteshoni.

"Izi ni za ana a sukulu," anatelo.

"Ee, alamu. Ana a sukulu."

Tinatsala pang'ono kuseka, koma palibe anayamba.

Tsiku lachitatu, dzuwa litapendeka, ndinatsegula ina. Panamveka chifuwa, kenako mpando kukhwekhweleza. A Jowakimu anandigwila dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo zinalowa. Anali bambo ao. Koma mauwo sanayambile poyamba. Anayambila pakati, ndipo oyamba kumveka anali awa:

"...ndiye mau anga kwa iwe, mkazi wanga, ndi amenewo. Ndawasunga zaka zonsezi, lelo ndatula. Tsopano ndinene za kwathu."

Kenako anatchula mudzi, mtsinje woyandikila, phili loona kum'mawa, ndi mlongo wao, a Felisita, ndi dzina la amuna ao. Anabweleza kawili kuti tisaphonye. Zonse zofunika pa kusudzula zinalipo. A Jowakimu analemba pa bokosi la foni, misozi ikugwela pa inki.

Ine ndinayang'ana nthawi pa sikilini. Mau otsalawo anali mphindi makumi awili. Mkuluyo analankhula kupitilila ola. Tinatsegula mafailo onse otsala, mpaka yomaliza, tsiku lina lathunthu. Ndinaimbilanso a Sakala. Anati, "Ninakuuza, pamene khasu lapita, papita."

A Jowakimu anati, "Tidule chiyambi ichi. Tiyambile pa za kwao. Amai sazadziwa kuti kunali zina."

Ndinkadziwa kudula kwake, inali nchito ya mphindi ziwili. Dzanja ndinaliika pa mausi. Ndikuuzeni zoona, sindinaleke chifukwa cha ubwino wa mtima. Ndinaleka chifukwa ndinaopa kufufuta mau a munthu yemweyo kachiwili.

Tinapita kwa Nyalugwe Loweluka, ine, agogo anu ndi a Jowakimu. Basi mpaka ku Nyimba, kenako kumbuyo kwa kanta, kalole konyamula thonje, kenako pansi. Inu mukapita kumeneko mumadandaula fumbi muli m'galimoto. Mau aja ndinawajambula pa sidi, nkunyamula wailesi ya sidi ndi mabatile atsopano. Njila yonse ndinkapemphela kuti kanta ife, kuti mlatho ukhale utaguluka, chilichonse.

Apongozi anali m'nyumba, chitseko chili chotsegula pang'ono. Ine ndinakhala pansi padothi, pambali pa khonde, chipewa m'manja, nkhope kumbali monga mwa mwambo. Ndinalankhula kwa mkazi wanga mokweza kuti iwo amve.

"Uwauze amai kuti mau a bambo tabwela nao. Koma sali onse. Ena ninafufuta ine, ndi dzanja langa, chifukwa cha ukali. Palibe vailasi, palibe malaiti. Ni ine."

Agogo anu sanabweleze. Panalibe chifukwa. Anangolowetsa wailesi nkudina.

Ndinamva chifuwa chija kachiwili, kenako mau aja akuti ndawasunga zaka zonsezi, lelo ndatula. Mkuluyo anatchula mudzi, mtsinje, mlongo wake, mpaka kumapeto. Wailesi inasiya.

"Bwezela poyamba," anatelo apongozi.

Agogo anu anabwezela. Anamvelanso mzele woyamba uja.

"Poyamba penipeni."

"Amai, poyamba pake ni pamenepo."

Ndinamva mphasa ikukhwekhweleza, kenako chitseko. Ndinaona mapazi ao ataima patsogolo panga, osavala nsapato. Ndinayembekezela tembelelo, ndipo ndinali wokonzeka kulilandila.

"Amkamwini," anatelo. Aka kanali koyamba kundilankhula ine mwini, popanda wodutsamo. "Analankhula nthawi yaitali bwanji, asanafike apa?"

A Jowakimu ndiwo anayankha chapansipansi kuti mwina mphindi makumi anai.

"Kwa ine?"

"Zioneka choncho, amai."

Apongozi anati, "Bambo aja tinakhala nao kuyambila kumsasa. Akalankhula kwambili patsiku, ndiye kuti anena kuti madzi osamba, mbuzi zalowa, gona bwino. Mphindi makumi anai, kwa ine? Amkamwini, inu mumadziwa za makinawa. Simunamveko ngakhale liu limodzi pamene munali kufufuta?"

Ndinati, "Iyai, amai."

"Ngakhale limodzi?"

"Iyai."

Anabwelela m'nyumba.

Mvula isanagwe, a Jowakimu anaoloka malile ndi bokosi la foni lija m'thumba. Mudzi anaupeza, ndipo a Felisita anali moyo, okalamba, osaona bwino. Iwo ankayesa kuti mlongo wao anafa kalekale pa nkhondo. Anatumiza ana ao awili aamuna, amene anafika kwa Nyalugwe nkupaka apongozi anga ufa pachipumi. Tsiku lomwelo apongozi anamunyamula Esnati, nkukana kumubweza mpaka dzuwa kulowa.

Anthu onse anati nkhani yatha bwino. A Jowakimu anayambanso kundinyoza Chingelezi, ine nkuyamba kuwapempha kuti azindiphunzitsa Loweluka lililonse, ndi buku la Giledi 4, ndili ndi ndevu. Kompyuta ija inalandila Linukisi bwinobwino pambuyo pake, pa disiki ina, yakale ija nditaisunga padela, ndipo inagwila nchito zaka zambili. Ena mwa inu munaphunzililapo kulemba maina anu.

Apongozi anga anakhala zaka zina zisanu ndi zinai. Sananditembelele, sanandinenepo kwa munthu. Koma mwambo wa kuthawana unathela pa tsiku lija, ndipo ine ndikanakonda ukanapitilila. Ndikafika kwa Nyalugwe, ankadikila kuti anthu abalalike, nkubwela kudzakhala pafupi nane. Ankati, "Amkamwini, ndamva kuti kwabwela makina atsopano. Kapena amenewo angapeze mau aja?" Ine ndinkati ndidzayesa, ndipo ndinkayesadi. Pulogalamu iliyonse yatsopano imene ndinaimva, ndinaiyendetsa pa disiki ija.

Ulendo womaliza anali atagona, mau akutuluka movutika. Agogo anu anandiitana kuti ndilowe, amai akukufunani. Ndinagwada pafupi ndi mphasa, ndikudziwa funso limene likubwela.

Anati, "Amkamwini, lekani kufunafuna. Ndikawafunsa ndekha."